Masitepe opita pansi pa nyanja

Zinayamba ndi diresi lonyowa. Lachiwiri lina masana Luziya, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, anabwera atanyowa mpaka pachifuwa, koma tsitsi louma. Mwana wokasewera m'madzi amanyowa mutu. Uyu ayi. Nditamufunsa anangoti, "Ndimayang'ana." Kuyang'ana chiyani? Mawa lake chimodzimodzi. Komatu mwanayu samatha kusambira, chifukwa chimwalirire bambo ake ndinamuletsa kugombe.

Apo n'kuti nditangotha miyezi iwiri pantchito yanga yoyamba, pa vidiyo ya a Mussa ku Chiwanga. Amuna anga anamira ndi mwera pochokera ku Kobwe, mtembo sunapezeke, ndiye monga timachitira kuno tinakulunga thunthu la nthochi mu nsalu n'kuliika m'manda. A Mussa anali pamaliropo. Patapita nthawi anandipeza ndikuyanika usipa wa eni ake, Tomasi wanga wamng'ono ali kumsana, n'kundifunsa, "Mumatha kulemba, mayi?" Ndinati ndinalekeza kinta kalasi, kalasi yachisanu. "Basi yakwana. Bolodi langa lilibe wolemba."

Anthu amaganiza kuti ntchito ya pa vidiyo ndi kungokhala. Ayi ndithu. M'mawa usese chibanda choonetseramo mafilimucho, uyale mabenchi, ukwere pa mgolo kukapukuta payinelo ya sola padenga, chifukwa ikachita fumbi batire silidzaza, TV imazima filimu ili pakati, otukwanidwa ndiwe. Uyang'ane kagetsi ka pa inveta: kakakhala kobiriwira zili bwino, kakafiira thimitsa fani msanga. Utseke mipata ya bango ndi pulasitiki wakuda kuti dzuwa lisalowe, komanso kuti osalipira asasuzumire. Ulembe pabolodi ndi choko mafilimu a tsikulo ndi maola ake. Ukatero lowetsa fulashi kumbuyo kwa TV, sankha ndi rimoti, kaime pakhomo. Lamulo a Mussa anandipatsa limodzi lokha: "Inu musamaonere. Wapakhomo akatembenukira ku TV, mudzi wonse umalowa ulere."

Ine ndinamvera. Miyezi iwiri ndinaima nditafulatira TV.

Katoze ola, 2 koloko masana, inali nthawi ya ana, akaweruka kusukulu. Ndiyo ya makatuni, amene kuno timati maboneko. Anga awiri ankakhala pabenchi lakutsogolo, ine n'kumati bola muno, kusiyana n'kugombe.

Kenako mphwake wa a Mussa anabweretsa fulashi yatsopano kuchokera ku Lichinga. Munali maboneko a ku Japani a magawo ambirimbiri, osamasulira, timawu tokha tikuthamanga m'munsi. Tsiku loyamba anyamata akuluakulu anatuluka theka la ola lisanakwane.

"Achemwali, TV yanu yaima kapena? Kamtsikanako kakungoyang'ana mvula chiyambire."

"Ngakhale chibakera chimodzi, palibe," anatero mnzake. "Nkhono ikhoza kuwapitirira amenewa."

Ndinauza a Mussa kuti tiwachotse. Iwo anati tidikire kaye, chifukwa kunayamba kubwera anthu ena amene sindinawaonepo pa vidiyo. Mayi Fatuma, amene ndinkayanika nawo usipa, amenenso anataya mwana wawo Yusufu m'nyanja momwemu. Amayi ena atatu. Ndi a Binali, nkhalamba yosoka maukonde, amene ankatuluka tsiku lililonse akuti, "Zachabechabe izi," mawa n'kukhala oyamba kufika. Onsewa ankakhala kumbuyo kwa ana, osayankhula, potuluka akupukuta m'maso ndi kapulana, chitenje chathu kuno.

Apa ndinayamba kuda nkhawa. Vidiyo ndi malo aphokoso, anthu amakuwa, amaimba mluzu, amalangiza wa mufilimu kuti athawe. Koma ola limenelo m'chibandamo munkakhala zii, kumangomveka kanyimbo kapansipansi ndi madzi akudontha. Chete wotere ndinamumva pamaliro pokha. Ndinayamba kukayikira aliyense. Mphwake uja anaitenga kwa ndani fulashiyi? Nanga muli chiyani chokoka anthu chonchi? Kuposa onse ndinakayikira Mayi Fatuma, poti ndinawaona kawiri akunong'onezana ndi Luziya kuseri kwa chibanda. Mayi wotaya mwana akamafuna wa mnzake, umaganiza zambiri. Ndinamuvula mwanayo n'kumuyang'ana m'chiuno ndi m'khosi ngati amuveka kanthu. Ndinamuletsa kulandira ngakhale chinangwa kwa munthu. Mayi Fatuma akandilonjera, ndinkayankha ndikuyenda.

Zonsezo ndinachita. Chimene sindinachite ndi kutembenuka n'kuyang'ana TV.

Lachisanu linali gawo lomaliza, ndipo munadzaza. Ndinamva pulasitiki akung'ambika kumbuyo, ndinazungulira kukathamangitsa osuzumira, n'kutsekapo ndi katoni. Pobwera ndinaponya diso kubenchi lakutsogolo. Luziya palibe. Tomasi palibe. Kapulana yanga, imene ndinkawayalira, palibe.

Ndi pamene ndinayang'ana TV koyamba. Kamtsikana kaja kakuyenda m'madzi abata, pang'onopang'ono, madzi m'mawondo, madzi m'chiuno, kenako masitepe oyera akutsikira pansi, kansiko kanyumba koyaka nyale, ndi bambo wina atakhala pakhonde, akudzutsa mutu, akumwetulira.

Sindikudziwa kuti khomo ndinalisiya bwanji. Ndinangozindikira ndikuthamanga pakati pa matandala oyanikapo usipa, rimoti ili m'manja, ndikukuwa dzina lake. Dzuwa linali likuswa mtengo, nyanja ili bata ngati ya mu TV ija. Ndinamuona kupitirira mwala womaliza, madzi ali m'chifuwa, atabereka Tomasi, timiyendo ta mwanayo tili m'madzi, iye akuseka. Kutsogolo kwake pang'ono mchenga umathera pa phompho, aliyense kuno amadziwa. Ndinalowa ndi zovala zomwe, ndinagwira mfundo ya kapulana n'kukoka onse awiri.

Ndinamumenya, sindibisa. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena, "Amama, munaika nthochi. Ndinaona. Munanena nokha kuti ababa ali m'nyanja. Sanamuonepo Tomasi akuyenda."

Zinali zoona. Aliyense wofunsa, ngakhale iye, ndinkamuyankha choncho: bambo ako ali m'nyanja. Mawu oti anamwalira ankandikanika pakamwa.

Mayi Fatuma anafika akupuma wefuwefu, anandilanda Tomasi n'kumufunda. "Ndimafuna kukuuzani, mwana wanga," anatero. "Luziya amandifunsa ngati masitepe a Yusufu ali pamodzi ndi a bambo ake. Ndinamuuza kuti ndi zojambula, koma sanandimvere. Ndikati ndikuimitseni, inu mumandithawa."

Titabwerera, a Mussa anali pakhomo, nkhope itakwinyika. "Mwasiya khomo," anayamba, koma ataona madzi akuchucha pa ife atatu sanapitirize. Anamva nkhani yonse n'kuti, "Fufutani zimenezo lero lomwe." Amene anakana ndi Mayi Fatuma. Anati iwo akulu akudziwa kuti pansi pa nyanja palibe nyumba, koma m'chibanda muja ndi malo okha amene analira mwana wawo popanda wowauza kuti limbani mtima. A Binali anati n'zachabechabe ndithu, koma mapeto sanawaone bwino chifukwa cha kukuwa kwanga, ndiye tibwereze.

Maboneko aja tinawasamutsira m'mawa, ana ali kusukulu, ndipo pabolodi ndinalemba kuti akulu okha. Ine ndinauza a Mussa kuti fulashi iliyonse ya ana ndiziyamba ndaionera ndekha mpaka kumapeto, apo ayi apeze wina. Sanatsutse. Amene mukufuna ntchito imeneyi mumve: filimu yoopsa kwa mwana si ya mfuti yokha. Mwana akakhala chete kwambiri pabenchi, kaone chimene chamutontholetsa.

Koma kuchotsa maboneko sikukanachotsa masitepe m'mutu mwa Luziya. Lamlungu ndinakabwereka magalasi osambirira panyumba ya alendo. Ndinasiya Tomasi kwa Mayi Fatuma, ndinamanga kapulana m'chiuno mwanga ndi mwa Luziya, mfundo ziwiri, mlamu wanga ali pambali ndi bwato. Ine chichitikire maliro aja madzi ndinkawaopa ngati moto, koma tinayenda mpaka pamilomo pa phompho lija. Ndinamuveka magalasi n'kumugwira pamimba.

"Yang'ana. Undiuze chimene ukuona."

Anamiza nkhope, anadzuka. "Mchenga." Anamizanso. "Miyala. Tinsomba ta mbuna. Botolo." Kachitatu anakhalitsa mpaka ndinamukoka.

"Masitepe?"

Anapukusa mutu.

Ndipo ndinamuuza. "Luziya, bambo ako anamwalira. Sakukudikira pansipo. Wolowa mmenemo sawapeza, ndipo sabweranso kwa amake."

Analira pomwepo, magalasi ali kumaso, kulira kumene sanalire pamaliro. Ndinamunyamula ngati khanda mpaka kunyumba. Kuyambira sabata imeneyo, Loweruka lililonse mlamu wanga amamuphunzitsa kusambira pamadzi osaya, ine nditaima m'madzimo mpaka m'chiuno, mano akugundana, manja nditatambasula.