Zaka za a Benedita Sizidumphidwa

Amene sadziwa alongo anga a Benedita sanagulepo kachewere pa Domwe. Ndi aja osakhala pansi, a mawu ochepa, amene anaphunzira kuwerenga imvi zitamera, ku shikola ya akuluakulu. Mukawaseka, mwaputa ine.

Chaka chatha aphunzitsi awo, a Eugénio, anawabwereka bukhu la nkhani. M'menemo mwamuna wina anapita ku Joni. Pansi pake panali kampata koyera, kosakwana chala, kenako mawu akuti patapita zaka khumi anabwerera. Alongo anga anafufuza pamene pang'ambika masamba, osapapeza. Anakalibweza, ati n'loperewera. Aphunzitsi anaseka, nati kampatako ndiye zakazo, wowerenga amangodumpha.

Kudumpha? Amuna awo, a Marcos, chipitire ku Beira chinali chaka chachisanu ndi chimodzi, ngakhale moni osatumiza.

Alongo anga anagula kaderno, kope lolembamo, kuti alembemo zaka zonsezo. Ogula akachepa ankalemba ali chiimire: matalala aja, denga litasasuka, ulendo wokankha njinga kupita kuchipatala ku Fonte Boa mwana wawo Limbani ali kumbuyo, thupi moto. Kaderno inadzaza, anasokererapo ina.

Nthawi yokumba kachewere a Marcos anatulukira ndi chikwama, akufuna banja lawo. Ine monga nkhoswe ndinavula malaya kuti ndiwathyole nthiti. Iwo ankangoti zapita zapita mlamu, tiyambire pano.

"Achimwene, valani malaya, kukuzizira," anatero alongo anga. Kenako anawapatsira kaderno ija. "Abambo a Limbani, m'nyumba muno mudzalowa mukamaliza iyi. Mokweza. Osadumpha."

Bamboyo kuwerenga kwake n'kolondola ndi chala. Amagona kwa abale ake, masana aliwonse n'kudzakhala pansi pakhonde, ine ndikuzungulirazungulira pabwalo, manja akuyabwa. Akatembenuza masamba awiri pamodzi, alongo anga amamva ali kuseri kwa nkhokwe, n'kutsokomola. Sabata yachiwiri anadandaula kuti dzinja limodzi lingatenge bwanji masamba makumi awiri, iye m'mutu mwake zaka zonsezo zinangoti psiti. Alongo anga anamuyankha kuti kuno linatalika choncho.

Dzulo wafika pa tsamba la maliro a Limbani, amene iye anangowamva kwa oyendetsa malole. Anakhala pa tsamba lomwelo mpaka dzuwa kupendeka, chala chili pomwepo. Ine ndinaleka kuzungulira pabwalo.

Alongo anga anamutulutsira mpando. Chitseko anakoka n'kutseka. Kwatsala zaka zitatu zoti awerenge.