Tsiku limene bambo anatsegula bokosi

Ndinabwera ku Birmingham kudzakhala ndi achemwali anga, omwe ndi nesi, ndipo miyezi yoyamba ndinkangobindikira m'nyumba. Sukulu ndinaphunzira kumudzi, ndipo Chingerezi changa chinali cha m'buku, chikafika pakamwa chinkathawa. Achemwali ndiwo anandilembetsa ku kagulu kophunzira kujambula ku Sparkhill, ati ndizikapitidwako mphepo.

Ndinkayembekeza kukagwira makamera odula. Mphunzitsi wathu, mayi wachizungu wa imvi, anatipatsa timatabwa, utoto wakuda ndi singano. Tinakhoma mabokosi, n'kuboola kabowo pa kachitsulo kopyapyala kutsogolo kwake. Galasi panalibe. Mkatimo umaikamo filimu imodzi yaikulu ngati chikhatho uli m'chipinda chamdima, n'kutseka chivundikiro. Pojambula umamatula tepi pa kabowo, kuwala n'kumalowa pang'onopang'ono, ojambulidwa ali duu osagwedezeka. Ntchitoyi ndinaikonda chifukwa sinkafuna munthu wolongolola. Inkafuna wodziwa kudikira, ndipo kudikira ndinakula nako. Zithunzi zake zinkatuluka zofewa, ngati chinthu chimene ukuchikumbukira. Lamulo lalikulu linali limodzi: bokosi likajambula silitsegulidwa poyera, kuwala kumafufuta zonse.

Chilimwe chimenecho kunabwera bambo awo a alamu anga kuchokera ku Dedza, mphunzitsi wopuma pantchito, kudzaona koyamba mdzukulu wawo, kamtsikana kakang'ono. Lamulungu lomaliza asanabwerere, anthu a kumpingo anadzaza kuseri kwa nyumba yathu ku Lozells kudzatsanzikana nawo. Alamu atatulutsa foni kuti ajambule banja, achemwali anawagwira mkono.

"Bwezani mafoni nonse. Lero tili ndi wojambula wathuwathu. Chithunzi chimenechi n'chopachika pakhoma, osati zanu zongofufutikazo."

Ndinakondwa. Ndinakhazika bokosi pa mpando, n'kuliyang'anitsa kwa bambowo, atanyamula mdzukulu pamiyendo, alamu ndi achemwali ataima kumbuyo. Ndinapempha motsitsa mawu kuti asagwedezeke, ndipo anamvera onse, ngakhale kamtsikanako. Dzuwa linali labwino. Nditamatanso tepi ndinadziwa kuti ndajambula chinthu chokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo.

"Tabwera nacho, mwana wanga, tione mmene tatulukira," anatero bambowo, atatambasula dzanja.

Mawu oyenera ndinali nawo. Koma kwathu wamkulu akatambasula dzanja sumufunsa kuti akufuna chiyani nacho, ndipo kumuuza kuti ayi pamaso pa anthu n'kumuvula. Miyendo inandinyamula yokha. Ndinanjuta, n'kupereka bokosilo ndi manja awiri, maso ali pansi. Ndinamva chivundikiro chikuti phwa.

"Ah, mulibe kanthu muno! Kapepala kotuwa basi."

"Chimaoneka akakatsuka, bambo," ndinayankha.

Anatseka bwinobwino n'kundibwezera, nati, "Ukatsuke mosamala." Anthu anaseka, mbale zinayamba kuyenda, ndipo palibe anakumbukiranso za foni. Ndikanatha kunong'oneza alamu kuti ajambule china. Sindinatero, poopa kuti bambowo adziwa kuti awononga.

Lachiwiri ndinakatsukabe filimuyo, ngati kuti mankhwala angandichitire chifundo. Inatuluka yakuda bii, kuchokera kona mpaka kona. Mphunzitsi anaiyang'ana pa getsi nandifunsa chimene chinachitika. Nditamufotokozera, anandifunsa chifukwa chake sindinangowaletsa. Ndinasowa Chingerezi chake. M'basi pa Stratford Road ndinaona kuti ngakhale Chichewa chake ndinalibe.

Bambowo anali atanyamuka kale. Achemwali anagula felemu, n'kuiimika yopanda kanthu pamwamba pa wailesi ya kanema. Akabwera ku shifiti ankafunsa, "Nanga chithunzi chathu, bwana wojambula?" Ine ndinkati sichinaume. Podutsa pabalaza ndinkayang'ana kumbali.

Loweruka lina alamu anaimbira kwawo pa vidiyo. Ndili kukhitchini ndinamva mawu a bambowo akufunsa alamu, "Ali kuti mnyamata wa bokosi uja? Ndamuuza kale mayi ako kuti pakhoma pachoke kalendala." Achemwali anandiitana n'kundipatsira foni m'manja. Kothawira kunalibe. Ndinapita kukatenga filimu yakudayo m'chikwama, n'kuiika patsogolo pa foni.

"Chithunzi chija ndi ichi, bambo. Bokosi lija silitsegulidwa pa dzuwa."

Kamtsikana kaja kanasuzumira n'kufunsa kuti, "Where am I?"

"Ndiye kuti ndinawononga ndine?" anafunsa bambowo.

"Ayi, bambo, ndine."

"Usandinyengerere. Unkadziwa pamene unkandipatsa?"

"Ndinkadziwa."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira.

"Mwana wanga, ine ndaphunzitsa ana mpaka tsitsi kuyera. Ukaona wamkulu akuponda pa moto, umangoti ponderani, bambo, chifukwa cha ulemu? Unandisiya ndiseke pamaso pa anthu, ine ndili wowononga. Ukanangondigwira dzanja."

Alamu anayesa kupeputsa nkhani, amvekere, "Akatswiri a ku Sparkhill atijambulira mdima wa magetsi akathima kwathu." Anaseka okha. Achemwali anatenga felemu ija n'kukaiika m'kabati, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa zonse, pakuti ndiwo analetsa mafoni chifukwa chonyadira ine.

Bambowo sanabwerenso kuno; miyendo siwalola ulendo wautali. Kamtsikana kaja tsopano kakundifika m'phewa, ndipo chithunzi chake kali pamiyendo ya agogo ake palibe.

Kujambula sindinasiye. Mwezi watha, titaweruka kutchalitchi, mkulu wa mpingo wina wa ku Solihull anatambasula dzanja kuti aone bokosi nditangomujambula. Ndinamva miyendo ikufuna kunyamuka. Ndinalikumbatira pachifuwa n'kunena kuti, "Pepani, bambo, silitsegulidwa." Mawuwo anatuluka otsika kwambiri moti anandifunsa kuti ndati chiyani, ndipo ndinachita kubwereza.