Mipando Isanu ya Aphunzitsi

Anapuma ntchito kalekale, koma anthu ankawatchulabe Aphunzitsi, ndipo iwo ankayendabe ndi cholembera chofiira m'thumba la malaya. Anali katswiri wa masamu, koma kuwatsutsa kunali kuputa mavu. Kwa zaka makumi atatu anali ndi funso limodzi lomwe ankalikonda ngati mwana wachisamba: ana asanu, aliyense ali ndi mpando wake, angakhale m'njira zingati popanda ndi mmodzi yemwe wokhala pampando wake? Yankho lawo linali 45, ndipo wolemba zina ankaona zakuda.

Loweruka lina masana kunabwera mwana wawo wamkazi, yemwe ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Pofuna kumugometsa, anamuponyera funso lija. Iye anangotsegula laputopu patebulo la pabalaza, nalemba timizere tochepa. Anafotokoza kuti makinawo ayesa njira zonse 120 zokhalira, imodziimodzi, n'kumataya iliyonse yomwe wina wakhala pake. Aphunzitsi anaseka, amvekere amenewo si masamu koma kuwerenga nyemba.

Asanamalize n'kuseka komwe, yankho linatuluka: 44.

Aphunzitsi anati makina anama. Anavala magalasi n'kutsata mndandanda wonse ndi chala, kusakasaka njira ya 45, koma panalibe. Atafukula kope lawo lakale m'kabati, anapeza kuti tsiku lomwe anayamba kuwerengera funsolo anaiwala kuchotsa 1 kumapeto, ndipo chiyambire sanabwererepo.

Manyazi anawagwira mpaka tiyi anawakanika. Sikuti ankachita manyazi ndi mwana wawoyo ayi. Anakumbukira mtsikana wina wa m'kalasi mwawo amene analemba njira zonse pamanja, masamba atatu athunthu, napeza 44. Iwo anakweza pepala lakelo kuti kalasi yonse ione, namutcha Wowerenga Nyemba. Dzinalo linamukanirira, masamu anawataya, sukulu sanapite nayo patali. Tsopano anali telala pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ndiye ankawapindira mathalauza.

Lolemba m'mawa Aphunzitsi anapita kusitolo kuja. Munthu wolimba mtima uja anadutsa pasitolopo kawiri, akunamizira kuyang'ana maloko. Telala ndiye anawaona, nawapatsa moni, n'kufunsa ngati abweretsa thalauza.

"Ayi, mayi," anatero atavula chipewa. "Ndabwerera mipando isanu ija. Yankho linali 44. Munakhoza ndinu."

Telala anaimitsa makina ake, nadula ulusi ndi mano. Sanafunse kuti mipando yake iti. Anawayang'ana wopanda mkwiyo, ndipo Aphunzitsi analakalaka akanangowalalatira.

"Tsiku lija nditafika kunyumba ndinawerenganso katatu, Aphunzitsi, ndipo katatu konse inali 44," anatero. "Kachinayi ndinangokhulupirira inu."