Achemwali ndawaona m'gemu ya Tadala

Mwaswera bwanji nonse?

Tadala, mwana wa malemu achemwali, wafika kuno ku Bembeke masana ano ndi laputopu. Gemu yake ya fulaye ija, yosewera anthu angapo pa mafoni, akupanga yachiwiri.

Wandiitana, amvekere, "Amayi aang'ono, tamuonani wapakatiyu."

Abale inu! Kamtsikana ka m'gemumo kakuzinda mpira chogwada, dzanja limodzi litagwira siketi, kenako n'kudumphira kumbali. Ndendende achemwali pabwalo la sukulu, zaka zomwe matipate ankayamba zija. Ine ndinangomufotokozera kamodzi pafoni, mwanayu n'kuwaumba amayi ake amene sanawaonepo akuthamanga. Ndachita kukhala pansi.

Tsopano akupempha kuti kamtsikanako akatche dzina la amayi ake. Komatu kazigendedwa ndi anthu osawadziwa n'komwe. Timulole? Amalume, yambani ndinu.