Mkanjo wa mkamwini wanga

Mkamwini wanga ndi mzungu, ndipo zaka zonse zimene ndakhala m'nyumba mwake sindinamugwirepo dzanja. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Tsiku limene ndinafika kwawo ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, kudzalera zidzukulu, iye anandithamangira pabwalo la ndege manja ali m'mwamba kuti andikumbatire, ine n'kubisala kumbuyo kwa mwana wanga. Anaphunzira msanga. Moni ankandipatsa ataima pakhomo la khitchini, maso ali pa firiji.

Nthawi imeneyo anali loya woimira anthu osauka. Ankabwera ndi mapepala odzaza katoni, mkazi wake ali pa shifiti kuchipatala, ine n'kumuikira chakudya patebulo n'kuchokapo. Atakhala jaji tinasamukira ku Lawrence. Kenako dzina lake linapita ku Washington kuti akwere kukhoti la apilo, lija limaunikanso milandu imene majaji ena agamula kale. Akuluakulu a kumeneko anamupanikiza ndi mafunso pa TV ngati waba nkhuku. Chingerezi ine sindimva, koma ndinaona kuti akamamwa madzi dzanja silikunjenjemera.

Atamuvomereza, mwana wanga ananditengera pambali.

"Amayi, pa mwambo wake jaji amavekedwa mkanjo ndi wachibale. Bambo a kunyumba akuti muwaveke inuyo."

"Ine? Mkamwini? Iwe mutu ukuyenda bwino?"

"Mayi awo anamwalira, mukudziwa. Ine andikana. Akuti ndi ntchito ya mayi, mukakana avala okha."

Avala okha! Munthu amene wandidyetsa zaka zonsezi, adziveke yekha pamaso pa khamu ngati alibe mtundu? Koma n'kamuyang'ane kumaso, anzanga a kumpingo akuona?

M'mawa wina kukuzizira, ndinaona mwana wanga akuthandiza mwamuna wake kuvala jekete. Anamuimira kumbuyo, osaonana kumaso.

"Iwe," ndinamuitana, "mkanjo uja umatsekedwa kuti?"

"Kutsogolo, uli ndi zipi."

"Ukawauze zipiyo atseka okha."

Tsikulo khoti la m'tauni ya Indianapolis linadzaza, majaji ali ndandanda ngati akhwangwala. Ine ndinavala chilundu changa chatsopano. Mkamwini atatha kulumbira anatembenuka n'kundilozetsa msana. Ndine wamfupi, iye ndi mlongoti, ndiye anapinda mawondo, n'kupitirira mpaka kugwada, pomwe kungowerama kukanakwana. Ndinalowetsa mkono uwu, kenako uwo, n'kusalaza nsaluyo pamapewa pake. Mapewa aja ankanjenjemera, munthu amene ku Washington sananjenjemere.

Maso ali pa mbendera, ananena m'Chichewa chake chopindika chija, "Zikomo kwambiri, amayi."

Mwana wanga anali atandichenjeza kuti m'khoti saimba nthungululu. Ndinaimba, yaitali, mpaka jaji wamkulu anaseka n'kuyamba kuwomba m'manja. Manja anga anali akadali pamapewa paja.