Malimu onyamulira chiliza cha amayi

Mwala woyamba wa chiliza cha amayi unasweka uli pa ngolo. Ng'ombe zinadzidzimuka potsika pa kachigwembe ka kudambo, ngolo n'kudumpha, mwala n'kung'ambika pakati penipeni, modutsa pa dzina. Bambo atauona sanakalipe. Anangoupapasa ndi chikhato, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Kodi dzina la mayi anu ndidzaliona litaimirira, kapena mudzaimika miyala iwiri tsiku limodzi?"

Mawu amenewo anandipweteka kwambiri. Bambo miyendo inali itayamba kukana, ndipo tonse tinkaona kuti akutha. Amayi anagona kumudzi kwawo cha ku Lisasadzi, kuseri kwa dambo lalikulu, pomwe ife timakhala kufupi ndi Santhe. Ndinalonjeza pamaso pa abale kuti mwala wachiwiri ndidzaunyamula ndekha pa galimoto yanga, bambo atakhala kutsogolo pambali panga.

Galimotoyo ndi kapikapu kakale kokoka ndi matayala onse anayi, kamene ndinagula ku esiteti ina itasiya kulima. Kulonjezako kunali kosavuta, vuto linali njira. Njira ya kumudziko inapangidwa ndi ngolo zotuta fodya. Ndi mizere iwiri yakuya mumchenga, pakati pake pali mtumbira wa udzu ndi zitsa. Galimoto ikalowa m'mizeremo, difu, chobulungira chija chapakati pa matayala akumbuyo, imakhazikika pa mtumbirawo, matayala n'kumangopalasa mchenga. Zinandichitikirapo ndilibe katundu. Ndiye ndi mwala, simenti ndi nkhalamba yodwala, ndinadziwa kuti pafunika matayala aatali okweza galimoto m'mwamba.

Achimwene anga aakulu anakhalako ku Joni zaka zingapo, ndipo chibwerereni palibe chachitsulo chimene sachidziwa. Atamva nkhaniyo anatambasula dzanja kufuna makiyi.

"Zimenezi ndisiyire ine, mlongo. Iwe zako ndi masamba a fodya."

N'zoona, ntchito yanga ndi yosankha fodya, ndipo ndaigwira kuyambira ndili mtsikana. Ndinawapatsa makiyi, ngakhale mtima unkakana. Anabwera kuchokera ku boma ndi matayala aatali ndithu, abwino, koma atawaveka pa malimu, zitsulo zozungulira zovekapo matayala, onyezimira otulukira kunja, galimoto itatang'adza. Linali tsiku la msika. Anthu anasiya kugula tomato n'kudzaizungulira, achimwene ataima pambali akupukusa makiyi pa chala.

Ndinawafunsa ngati anaiyesa ili ndi katundu. Anaseka, n'kuuza anthu kuti mlongo wawo amakayikira ngakhale dzuwa.

Mawa lake ndinakweza matumba a simenti a chilizacho kuti ndikawatule kumudzi. Pa bampu loyamba lenileni ndinamva kukhwekhwereza kumbuyo. Nditatsika ndinapeza mlomo wa madigadi, chitsulo chophimba tayala pamwamba, utasenda tayala latsopano, mphira ukulendewera. Nditafika kudambo zinaposa pamenepo. Galimoto inali itatambalala kuposa mizere ya ngolo, choncho mbali imodzi inkayenda pansi, inayo n'kukwera m'mphepete, matumba onse n'kutsetserekera kumodzi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti ukanakhala mwala bwenzi titaswa wachiwiri. Nditabwerera kunyumba ndinawauza achimwene za chikomekome cha mkuyu, ndi mawu enanso amene ndinakalapa Lamulungu.

Ndinachotsa malimu awowo n'kubwezera akale a galimotoyo, matayala aatali omwewo. Kunja kunasiya kukhwekhwereza, koma ndikangokhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, tayala lakutsogolo linkadya chitsulo cham'kati. Walira mvula walira matope. Ndinafuna matayala aatali, ndiye awa anali mavuto ake.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire wa pa Santhe, wokhoma ngolo. Ngolo zake amazikhazika pa maekiselo, zitsulo zogwira matayala, a magalimoto akufa, ndipo zambiri zodutsa kudambo kuja n'zochokera m'manja mwake. Anagoneka limu yanga yakale chafufumimba, n'kupingasa mkangala, kamtengo kopachikira fodya m'chigafa, pamwamba pake. Kenako anatenga kabango n'kukatsitsa kuchokera pa mkangalawo mpaka pa chitsulo chokhala ndi mabowo a manati.

"Mwaona kuya uku, mayi? Limu ikazama kwambiri kumbuyoku, tayala limalowa m'kati mwa galimoto. Ikakhala yosazama, tayala limathawira kunja. Yanu yakaleyi yazama, ya achimwene anuyo ndi mbale. Mukufuna yapakati."

"Yapakati yake iti?"

"Zimenezo kafunseni njira. Ine ndimakhoma ngolo, mizere amakumba ndi matayala."

Ndinakaifunsadi njirayo. Loweruka m'mawa ndinapita kudambo ndi nsungwi yaitali ndi mpeni, n'kumaigoneka mopingasa mizere, kulemba pamene pagwera pakati pa mzere uliwonse. Ndinayeza polowera, pa mchenga wakuya, ndi pa kachigwembe paja panaswekera mwala. Amayi ena ochokera kudimba anaima n'kumandionera, mmodzi n'kundifunsa ngati boma layamba kugawa dambo. Kunyumba ndinagoneka nsungwi ija kutsogolo kwa galimoto, ndipo ine ndi wokhoma ngolo uja tinapeza kuti tayala lililonse liyenera kutulukako zala ziwiri zokha kuposa pa malimu akale. Anandidulira kabango ka kuya koyenerako, ndinakaika m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku la nyimbo.

Ku boma, kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto akale, ndinasanduka choseketsa. Kwa ogulitsawo limu ndi mabowo basi.

"Mabowo asanu ndi limodzi, mayi, ikwana imeneyi. Tengani."

"Kukwana ikwana. Taigonekani pansi."

"Mwatumidwa ndi abambo akunyumba? Aimbireni tilankhule nawo."

"Ndatumidwa ndi kabango aka. Lankhulani nako."

Sankadziwa kuti munthu amene wakhala zaka zonsezi akusiyanitsa tsamba lofiirira ndi lofiirirako pang'ono sanyengedwa ndi mawu akuti n'zofanana. Ndinatembenuza malimu tsiku lonse mpaka chitenje chinada ndi dzimbiri. Atatu ndinawapeza pamalo amodzi, pansi pa mulu wa masipuling'i. Awiri enawo, kuphatikizapo ya sipeya, ndinakawapeza sabata yotsatira kwa munthu wina amene ankafuna kuwasandutsa mbaula. Onse asanu anali oipa maonekedwe, koma kabango kankalowa n'kukhala ndendende.

Ulendo uno sindinafune kumva za m'kamwa mwa munthu. Titaveka matayala, ndinadzaza matumba a mchenga olemera kuposa mwalawo n'kuwakweza kumbuyo. Ndinakanda phulusa ndi madzi, n'kupaka matayala onse m'mbali ndi pamwamba mpaka kuyera. Phulusa litauma ndinayendetsa galimoto pa mizere ya m'munda wokolola kale, ndikukhotetsa chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto. Kenako ndinagona pansi n'kuyang'ana paliponse pamene phulusa likanasiya chizindikiro. Zitsulo zam'kati zinali zakuda bwinobwino. Kadontho koyera kanali pa ngodya imodzi yokha ya madigadi akutsogolo kumanzere, ndipo hamala inakonza zimenezo. Achimwene ankaonera ali pakhonde, akunena kuti galimoto yabwinobwino ndaisandutsa ngolo. Sanadziwe kuti akundiyamikira.

Tsiku la chiliza linali la m'chilimwe, dzuwa lowawa kuyambira m'mawa. Mwala tinaugoneka pa matiresi akale, n'kuutchinga m'mbali ndi ziguduli zokulungira mabelo a fodya. Bambo tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, atavala jekete lawo la kutchalitchi limene tsopano linkawakulira. Achimwene anabwera ku chitseko cha dalaivala.

"Pa dambo paja pafunika mwamuna, mlongo. Sunthira uko."

Ndisanatsegule pakamwa, ndipo zikanatuluka zoipa, bambo anayankha ali chiyang'anire kutsogolo.

"Ayendetse amene anayeza njira. Inu kwerani kumbuyo, mugwire mwala."

Polowera kudambo ndinaima n'kuphwetsako mpweya pang'ono m'matayala kuti aponde mchenga motambalala. Ndinaika giya yokoka ndi onse anayi, n'kulowetsa galimoto m'mizere ya ngolo. Inakhala m'menemo ngati phazi mu nsapato yake. Sinapendekeke. Udzu wa pa mtumbira unkangopukuta kunsi, ndipo ndinkadikira kumva difu ikugunda chitsa, koma sinagunde. Pa mchenga wakuya injini inalira, galimoto inazengereza, kenako inapitirira.

Pa kachigwembe paja ndinatsika pang'onopang'ono, moti munthu woyenda pansi akanatipitirira. Matayala akutsogolo analowa, n'kukwera. Akumbuyo analowa, masipuling'i anaphwatalala ndi kulemera kwa mwala, ndipo ndinatchera khutu kudikira kukhwekhwereza kuja. Kunali zii. Titakwera tsidya linalo achimwene anamenya denga ndi chikhato.

"Mwala uli bwinobwino! Sunasunthe n'komwe!"

Ndinasangalala, ndipo sindibisa, ndinanyada. Ndinaliza hutala kuyambira pamenepo mpaka m'mudzi, ngati tikupita ku ukwati. Azimayi a kumpingo amene anatsogola wapansi anatilandira ndi nthungululu, ena akuthamanga m'mbali mwa galimoto. Palibe galimoto inafikapo pa mitengo ya kumanda kuja ili ndi katundu wotere. Yanga inakaima pa mthunzi weniweni wolowera, moti bambo anangoyenda mapazi owerengeka atagwira mkono wanga.

Amuna anaimika mwala, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa. Bambo anasendera pafupi n'kuyendetsa chikhato pa dzina la amayi kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza, osapeza mng'alu. Anabwerezanso kachiwiri. Ine ndinalira pamenepo, kulira kwa munthu amene watula katundu.

Mwa malimu onyezimira aja, imodzi inakapachikidwa pa mtengo kutchalitchi kwathu, ndiyo belu lathu tsopano, ndipo achimwene amauza aliyense kuti anapereka ndi iwo. Imalira bwino, chilungamo chake.

Pobwerera tsiku la chiliza lija, titadutsanso kachigwembe kaja, bambo anandigwira pa bondo.

"Mwala wanga musafulumire nawo, mwana wanga, ndikadalipo. Koma tsiku lake likadzafika, malimu awa asadzachoke."

Papita zaka zitatu. Matayala ndasinthapo kamodzi, malimu ndi omwewo, adzimbiri lawo. Bambo amati akakhala pakhonde n'kuona galimoto ikulowa, amaweramira pansi kuyang'ana ngati alipobe.