Sukulu ya a Enesi ya pamzere

A Enesi anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pafakitale ya nsalu ku Chegutu. Makina atazima, anasamukira kuno ku Rimuka, ku Kadoma, n'kuyamba ntchito yokhayo imene sinazime chaka cha 2008: kuima pamzere. Akaona anthu atatu ataima motsatizana, iwo ankakhala wachinayi. Zoti kukugulitsidwa chiyani ankafunsa pambuyo. Tsiku lina anaima mpaka masana, n'kupeza kuti ndi mzere wokaona nkhope pamaliro. Anaiona ndithu, sadza, nsima ya kuno, anadyanso.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha mwana wanga Rabeka, wa zaka khumi ndi chimodzi. Chitithamangitsireni kufamu, mwanayo anasiya kulankhula ndi anzake. Ankamuseka kuti ndi mubhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, wonunkha fodya. Nthawi yopuma kusukulu ankabisala m'chimbudzi, ndipo m'mawa uliwonse m'mimba munkamupweteka. Nanga ine ndikanamuuza chiyani, woti ndikakumana ndi munthu ndimapereka moni kwa nsapato zake?

Ndinapita kwa aphunzitsi ake, ndinapeza anapita ku Botswana kukagula mafuta ophikira. Abusa anati ndi chiwanda chosalankhula, anachikalipira mpaka mwana analowa pansi pa benchi. Kenako kunabwera abungwe ndi msonkhano wa ana amanyazi. Anati aliyense aime kutsogolo anene chimene chimamuopsa. Analankhula ndi ana olongolola okhaokha, odzera mabanzi.

A Enesi anandimva ndikudandaula pampopi.

"Amake Rabeka, mundibwereke mwanayo mawa. Kwamveka shuga. Ine mizere ndili nayo itatu, miyendo iwiri."

"Komatu salankhula."

"Ndiye wabwinoyo. Olankhula amaulula kumene kuli shuga."

M'mawa ndinawatsatira chapatali. Pasitolo anamuimika kumbuyo kwa kamtsikana kovala juzi yofiira.

"Iwe, lamulo pano ndi limodzi," anatero a Enesi. "Wakutsogoloyu umuuze kuti ndili kumbuyo kwako. Ukapanda kumuuza, palibe akudziwa, ndipo kwanu mumwa madzi otentha n'kumawatchula tiyi."

Basi anapita kumizere yawo ina.

Rabeka anayang'ana pansi ola lathunthu. Kenaka bambo wina wa chimimba analowa kutsogolo kwake ngati mwanayo ndi mpata. Rabeka anacheuka uku ndi uku kufuna a Enesi. Ine, mundikhululukire, ndinabisala kuseri kwa mtengo. Ataona kuti palibe womuthandiza, anakoka juzi yofiira ija. Mawu sindinawamve, ndinangoona milomo ikugwedera.

Kamtsikanako kanatembenuka, kanagwira Rabeka dzanja n'kukuwa m'Chishona: "Imi baba, uyu ari kumashure kwangu!" Kankauza bamboyo kuti uyu ali kumbuyo kwanga. Mzere wonse unamuukira bamboyo. Wina anati chimimbacho chikaime pamzere wachokha. Anatuluka akuyang'ana wotchi imene analibe.

Shuga anatha kutatsala anthu asanu ndi mmodzi. Ana awiriwo sanadziwe n'komwe, anali ataguditsa mitu kuseka bambo uja.

Lolemba Rabeka anavala yunifolomu ndisanamudzutse kachiwiri.

"M'mimba bwanji?" ndinamufunsa.

"Ndachedwa, amayi. Nyarai wandisungira malo pamzere wa phala." Nyarai ndiye kamtsikana ka juzi yofiira kaja.

Ndinapita kukathokoza a Enesi. Ndinawapeza akupaka mapazi mafuta, atakwiya kuti shuga sanamupeze, wantchito wawonso, Rabeka, wathawira kusukulu. Ndinathokoza ndikuyang'ana mapaziwo.

"Musathokoze zala zanga," anatero. "Ndinakuonani kuseri kwa mtengo kuja. Mawa kwamveka buledi. Mukaima ndinu."